Lole Yokatula a Namacha Kwawo

Lole inafika pa geti la esiteti kunja kutada. Chiperoni chinali chitayamba, kamvula kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa. Chester, dalaivala, analiza huta. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake atafunda thumba la feteleza, tochi ili m'manja. Anaunika kumbuyo. Mipando, bedi, kabati, firiji, zonse zitaphimbidwa ndi lona. Kenako anaunika nkhope zitatu za kutsogolo, imodziimodzi, nafunsa kuti alendo akupita kwa yani.

Diana anatembenukira kwa a Namacha. Ulendowu unali wawo. Iye anangoperekeza, mwa ntchito. Ku yunivesite, mu Blantyre, anali mkulu wa ofesi yoona za umoyo wa ogwira ntchito, ndipo lamulo la kumeneko linali lachidule. Munthu akapuma pa ntchito, apatsidwe lole ikamutule kwawo ndi katundu wake yense. Ulendo umodzi basi. Ku boma limene anatchula tsiku lolembedwa ntchito. A Gabriel Namacha anatchula Mulanje. Anatchula ali mnyamata, tsitsi lonse lili pamutu. Lero anali atabweza makiyi a nyumba ya yunivesite, ndipo mphunzitsi wina watsopano anali ataima kale pakhonde ndi zitini za penti.

"Ku malaini a kumtunda," anatero a Namacha. "Kuseri kwa fakitale."

Mlonda anati malaini ndi ambiri, iye akufuna dzina. A Namacha anatchula dzina la bambo awo. Mlonda anaganiza, napukusa mutu. Anali asanalimvepo. Koma mvula inkamulowa m'khosi, ndipo chizindikiro cha yunivesite pachitseko cha lole chinkaoneka cha ulemu. Anakweza chitsulo, nawakodola kuti adutse.

Diana anali atatopa kale asananyamuke. Tsikulo linali Lachisanu. Linayamba ndi masewero olimbitsa thupi pabwalo loimikapo magalimoto, monga Lachisanu lililonse. Iye kutsogolo, wailesi ikulira, kumbuyo kwake alembi angapo ndi wophika mmodzi akuponya miyendo mwaulesi. Aphunzitsi akuluakulu ankadutsa chapatali, magalasi a galimoto ali otseka. Kenako phwando lotsanzikana. Zolankhula zosatha, zakumwa zofunda. A Namacha anagwira ntchito m'chipinda chosindikiziramo mapepala a mayeso zaka zoposa makumi atatu, ndipo aliyense woimirira ankanena zofanana: munthu wofatsa, wosajomba, wosadandaula. Anawapatsa wotchi ya pakhoma.

"Mukalime, akulu," anthu ankatero powagwira chanza. "Mukatitumizire nanazi."

Iwo ankangomwetulira.

Panjira ndiwo anachedwetsa ulendo. Pa Chonde anati lole iime, agule mchere. Pa Chitakale anati akufuna kumeta. Anakhala kwa wometa mpaka magetsi a m'masitolo anayaka. Diana sanawafulumizitse. Ankaganiza kuti ndi mtima wa munthu wobwerera kwawo, wofuna kufika atatchena. Zakumudzi iye ankangozimva kwa anzake. Anabadwira ku Ndirande, anakulira ku Ndirande. Za Mulanje ankazidziwira pa mapaketi a tiyi.

Msewu wa m'kati mwa esiteti unali wofiira, woterera. Uku tiyi, uku tiyi, wodulidwa mofanana ngati tebulo. Phiri silinkaoneka, koma mdima wa mbali imodzi unali wolemera kuposa wa mbali inayo. A Namacha ankaloza njira mosakayika. Kumanja pa mabulugamu. Kumanzere pa shedi yoyezerapo tiyi. Anadutsa fakitale, makina akulira m'kati, fungo lake ngati la udzu wonyowa woikidwa pamoto. Kenako malaini: tinyumba tofanana, mizeremizere, utsi ukutuluka m'munsi mwa malata.

"Apa."

A Namacha anatsika pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linzake. Anakaima pakhomo la nyumba yakumapeto. Sanagogode. Sanaodire. Anangoima, chipewa chili m'manja, mvula ikuwagwa padazi.

Chester anazimitsa injini. Motsitsa mawu anauza Diana kuti iye watula opuma ambiri, ku Nsanje, ku Chitipa, ku Mchinji, koma sanaonepo mudzi wosatuluka kudzachingamira lole. Pano ngakhale agalu sakuuwa.

Chitseko chinatseguka. Munatuluka mayi wamfupi, wamapewa otambasuka, chitenje atamanga pamwamba pa juzi. Kumbuyo kwake bambo wamtali atanyamula nyali. Mayiyo anayang'ana lole, nayang'ana a Namacha.

"Kwagwanji? Ndi maliro?"

A Namacha anati ayi, si maliro. Anapepesa chifukwa chofika kutada. Anati iwo anabadwira m'nyumba imeneyi. Bambo awo anali wopopera mankhwala m'minda, mayi awo wothyola tiyi. Mtengo wa mapeyala uli kuseriwo anadzala ndi iwo, ali mwana.

"Mapeyalawo tikudya," anatero mayiyo. "Zikomo. Nanga katunduyo?"

Diana anatsika. Nsapato zake za mu ofesi zinamira m'matope. Anafika pafupi, nafunsa mwaulemu kuti achibale awo ali nyumba iti, ndipo katundu atsitsire pati.

"Mayi," anatero a Namacha, osamuyang'ana, "palibe potsitsira."

Eni nyumba anali Lyson, kapitawo wa othyola tiyi, ndi mkazi wake Sabina. Anawalowetsa. Mlendo sasiyidwa pamvula, ngakhale wobwera ndi nkhani yosamveka. Pabalaza panali pothina: mipando iwiri, benchi, madengu othyolera tiyi ataunjikidwa pakona. Ana anathamangitsidwira kuchipinda. Sabina anabweretsa tiyi wopanda mkaka ndi mbale ya kalongonda. Chester anaziyang'ana nyembazo, nafunsa ngati zaphikidwa mokwanira, poti iye anamva kuti zosapsa zimazunguza mutu.

"Idyani, achimwene," anatero Sabina. "A ku Blantyre mumabwera mitu itazungulira kale."

Lyson sanaseke. Anadikira kuti alendo amwe, kenako anafotokoza mwaulemu. Nyumbazi ndi za kampani. Nyumba imatsata ntchito. Ntchito ikatha, munthu amatuluka, wina amalowa, moto usanazime n'komwe. Iye mwini, tsiku lake likadzakwana, adzapinda mphasa. Katundu wa mlendo kutsitsira pano sizingatheke. Mawa woyang'anira malaini aona, ndipo mlandu ukhala pa iye.

"Ndikudziwa," anatero a Namacha. "Ifenso tinatuluka choncho."

Nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono, ngati madzi a pampopi yakutha. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambique, kudzafuna ntchito. Malo sanapatsidwe, ndipo sanapemphe. Ankati adzabwerera. Sanabwerere. Onse awiri agona kumanda a pa esiteti pomwepa, kuseri kwa mabulugamu aja. Mkazi wawo, Agnes, anali wa ku Dedza. Atamwalira, akuchikazi anachita mwambo wonse, nawasudzula bwinobwino, mwaulemu, ndi nkhuku yomwe. Kumeneko tsopano ndi kwa eni ake. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, nambala yake imangosinthasintha. Wamkazi ali pabanja ku Lilongwe, m'nyumba ya lendi, ndipo apongozi ake ali momwemo.

Diana anamva kutopa kukukwera kuchokera m'mapazi. Foni yake inanjenjemera m'chikwama. Unali uthenga wochokera ku ofesi ya magalimoto. Lole ifike m'mawa, yopanda kanthu, ikanyamule matenti ndi mipando ya tsiku la masewero a ogwira ntchito. Tsikulo analikonza ndi iye yemwe. Mpira wa amayi, kukokana chingwe, kuyeza magazi kwaulere. Anaika foni chafufumimba pabenchi. Ndiye kuti kukacha lole inyamuka. Katundu ayenera kukhala atatsika penapake, ndi mwini wake yemwe.

"Bwanji simunanene, bambo Namacha? Tinakhala nanu pa semina ya okonzekera kupuma. Sabata yathunthu."

Iwo anazunguza kapu m'manja.

"Munatiimiritsa mmodzimmodzi. Munati aliyense atchule kwawo ndi chimene akalime. A Phillip anati Ntcheu, kachewere. Manja. A Emma anati Nkhotakota, mpunga. Manja. Itafika nthawi yanga ndinati Mulanje, nanazi. Inunso munaomba, mayi."

Diana anaombadi, ankakumbukira. Phunziro limenelo ankalikonda chifukwa linkadzutsa anthu ogona masana. Analichititsa zaka zambiri. Sipanaimirirepo munthu wonena kuti alibe kwawo. Munthu wamkulu anganene bwanji zimenezo, pamaso pa anzake, atavala tayi? Iyenso, wina akanamuimiritsa, akanatchula ku Chiradzulu kwa agogo ake, kumene anapitako kamodzi, kumaliro, nagona m'galimoto.

Anayamba kufunafuna njira, monga amachitira ku ofesi. Anafunsa za nyumba za lendi pa Chitakale. Lyson anati zilipo kuseri kwa msika, koma ndi zipinda zolowa bedi ndi mbaula, ndipo eni ake sapezeka mbandakucha. Anafunsa za tchalitchi. Sabina anati abusa amakhala kuboma, makiyi ali nawo okha. Chester, akutafuna, anati njira ilipo ina. Atsitsire pakhonde la sitolo ina pa Chitakale, aphimbe ndi lona, madalawa akhale pompo mpaka apeze chipinda. Sananene mwankhanza. Anati anachitapo zotere ku Balaka, mudzi utakana munthu. Lamulo likuti Mulanje, ndipo Chitakale ndi Mulanje.

Zinali zoona. Diana akanatero, palibe akanamudzudzula. Lolemba akanangonena kuti anakatula. Koma m'maganizo anawaona a Namacha atakhala pa sofa wawo m'mbali mwa msewu, matenda awo a shuga ali m'thupi, makondakitala a minibasi akuwaseka. Sanavomere. Sanakanenso. Anangogwira pamphumi. A Namacha anati ngati ndi choncho, iwo alibe mawu. Atsitsidwe paliponse. Avutitsa anthu mokwanira.

Nthawi yonseyi Sabina ankawayang'anitsitsa, mutu atapendeketsa.

"Namacha, Namacha. Kodi a Eneles ndi ndani wanu?"

"Mlongo wanga."

Sabina anadzimenya pantchafu. A Eneles amene amabwera ndi nandolo pa msika wa Limbuli? Amenewo ndiwo anamuphunzitsa kuthyola tiyi ali mtsikana, kumumenya zala akathyola tsamba lokhwima. Nkhondo itatha kutsidya, a Eneles anatenga ana awo n'kubwerera kumalo a mayi awo, kupitirira tawuni ya Vila. Ali ndi munda, ali ndi mbuzi, ali ndi zidzukulu zodzaza bwalo. Pakamwa pokha ndiye sipanakalambe. Nambala yawo iye ali nayo.

"Musaimbe," anatero a Namacha.

Aka kanali koyamba kuti akweze mawu. Kenako anatsitsanso. Anati mlongo wawoyo anaonana naye komaliza pamaliro a mayi awo. Eneles anawapempha kuti awoloke, akaone malo. Iwo anati Lolemba kuli mayeso, mapepala akudikira. Anawaitananso pachinkhoswe cha mwana wake. Kunalinso mayeso. Pa yunivesite mayeso satha, awa akatha ena ali pakhomo. Kenako Eneles anasiya kuitana.

"Mphamvu zanga zinathera kwina. Lero ndikamupatse chiyani? Shuga ndi bipi?"

"Foni ndi yanga," anatero Sabina, "mayunitsi ndi anga."

Anakaima pakhomo, pamene netiweki inkagwira. Inaitana nthawi yaitali. Kenako Sabina anayamba kulankhula Chilomwe, mofulumira, dzanja likuloza m'nyumba ngati wakutsidyayo akuona. Diana ankangomva maina okha: Gabriel, Sabina, Blantyre. Sabina atasiya, mawu a mayi wachikulire anatuluka m'foni, okwera, osapumira, ngati mvula ya matalala pamalata. Lyson anabisa kamwa m'kapu. Diana anamufunsa monong'ona kuti akuti chiyani.

"Akuwatukwana."

"Ndiye zavuta?"

"Ayi, zili bwino. Akanakhala chete ndiye tikanada nkhawa."

A Namacha ankamva zonse. Anakhala chowerama, manja ali pamawondo, ngati mwana wa sukulu. Sabina anabwera nawapatsa foni. Anailandira ndi manja awiri. Chilomwe chawo chinatuluka chadzimbiri, chosakaniza ndi Chichewa, mawu ena akusowa pakati. Sanalankhule zambiri. Ankangovomera. Penapake anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wamenyedwa pamalo oyenera. Atamaliza anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya tayi.

Sabina ndiye anamasulira. A Eneles akuti mbumba yakhala zaka zonsezi yopanda mwini. Ana awo alowa m'banja popanda malume. Milandu ikabuka amachita kubwereka malume kwa anansi, ngati kubwereka nkhwangwa. Pakali pano pali nkhani ya mdzukulu amene mwamuna wake wathawa, yakhala ikudikira munthu woikamba. Ndiye abwere, asiye kuima pamakomo a anthu ngati mbuzi yosochera. Kanyumba kosungiramo nandolo akasesa. Koma za lole aiwale. Lole ya yunivesite siingawoloke malire, ndipo kuchokera kumtsinje wa pamalire njira yake ndi ya njinga. Mwana wawo Morton abwera m'mawa ndi njinga yamoto. Chimene njingayo inyamule ndicho chawo.

"Ndiye firiji ikwera pamsana pa ndani?" anafunsa Chester.

Diana anakumbutsa za mankhwala. Opuma pa ntchito amalandirabe mankhwala ku kiliniki ya yunivesite, ndi ufulu wawo, iye yemwe anaumenyera m'misonkhano. Koma munthu amayenera kufika yekha, ayezedwe, ndiye apatsidwe. Kuchokera kutsidya adzatha? Sabina anati anthu a kutsidya amabwera kuzipatala za kuno tsiku lililonse, ena pa machira. A Namacha anati ali nawo okwanira kwa kanthawi, zinazo adzaona. Diana ankadziwa mmene mawu otere amathera. Anafuna kulimbikira, koma analibe china chowapatsa m'malo mwake. Anasiya.

Panatsala katundu. A Namacha anati mwana wawo wa ku Lilongwe adzabwera kudzatenga, akangopeza nyumba yokulirapo. Aliyense anagwedeza mutu. Aliyense ankadziwa kuti si chaka chino. Nanga pakadali pano akhala kuti? Kugulitsa usiku uno sikungatheke. Kutaya sikungatheke. Ndi zinthu zimene munthu anagula chimodzichimodzi, iye ndi mkazi wake, mwezi ndi mwezi.

Kuseri kwa ofesi ya Diana kunali chipinda cholimbitsiramo thupi. Anachitsegula ndi riboni, akuluakulu anajambulitsa. Munali njinga ziwiri zopalasa pamalo amodzi, ina yothyoka, ndi galasi lalikulu pakhoma. Makiyi ake anali m'chikwama chake. Chaka chino palibe anali atawapemphapo. Anakhala kanthawi akulimbana ndi maganizo. Lole iyenera kubwerera yopanda kanthu. Akuluakulu akadzapeza katundu wa munthu wopuma m'chipinda cha yunivesite, woyankha ndi iye. Ena opuma akadzamva, adzabweretsa awo. Anali atatopa moti ngakhale mantha ankabwera mwaulesi.

Ananena. Katundu abwerera, akasunga iye m'chipinda chimenecho.

"Madamu," anatero Chester, "ine ndimangoyendetsa."

"Ndikudziwa."

"Akandifunsa ndidzati munandituma."

"Udzatero."

A Namacha anayamba kuthokoza. Diana anawadula. Anati asathokoze, sakudziwa kuti asunga mpaka liti. Ndipo m'chipindamo mumadontha pakona imodzi.

Anagona mmene zinathekera. Diana pamphasa, pambali pa ana a Sabina, atafunda chitenje chonunkha utsi. A Namacha pabenchi. Chester m'lole, poti anati katundu wa anthu sasiyidwa yekha.

Anadzutsidwa ndi kulira kwa fakitale kusanayere bwino. Chiperoni chinali chitaleka. Diana atatuluka anaima chilili. Phiri linali pomwepo, kuseri kwa malaini, lakuda, lonyowa, lalitali mpaka kupinda khosi. Usiku wonse anagona pansi pake osadziwa. Amayi ankatuluka m'nyumba zawo madengu ali kumsana, mapulasitiki atamanga m'chiuno. Ankayang'ana lole, n'kufunsa Sabina ndi maso. Iye ankangoti ndi alendo, akupita.

Njinga yamoto inamveka kuchokera kumunsi. Morton sanali mnyamata. Anali bambo wa ndevu zoyamba imvi, jekete lachikopa, matope mpaka m'mawondo. Anazimitsa njinga, nayang'ana amuna atatu amene anaima pamenepo. Sabina analoza ndi chibwano. Morton anavula chipewa, nagwada bondo limodzi m'matope momwemo.

"Malume."

A Namacha anasowa poika manja. Anamugwira paphewa, namuuza kuti adzuke, adetsa buluku.

Chester anamasula zingwe, navundukula lona. Katundu anaoneka wochepa kuposa dzulo, wakale, wotopa. Sofa wong'ambika pamkono. Kabati ya magalasi. Mapoto omangidwa m'chitenje. A Namacha anakwera movutikira, nayenda pakati pake cham'mbali. Anatsitsa sutikesi imodzi. Anatsitsa matiresi. Kenako mutu wa makina osokera a malemu mkazi wawo, wokutidwa ndi thaulo. Morton anaunyamula kuyesa kulemera kwake, nayang'ana njinga yake. Anati sutikesi itheka. Koma pa ziwirizi asankhe chimodzi, apo ayi malume ayenda pansi.

Anasankha makina. Eneles ali ndi zidzukulu zachikazi, anatero, wina adzaphunzira.

Matiresi anatsala pakhonde. Sabina anayang'ana mwamuna wake. Lyson anakanda m'mutu, nati matiresi amodzi woyang'anira malaini sangawerengere, bola Morton adzawatenge tsiku la msika. Sabina anawakokera m'nyumba mwamunayo asanasinthe maganizo.

Morton anamanga katundu ndi malamba a chubu. Anati mayi anamuuza kuti adzere kaye kumanda, malume akaone pamene agona agogo, ndiye awoloke dzuwa lisanatenthe. A Namacha anavomera. Anatsanzika kwa Lyson ndi Sabina. Anagwira chanza Chester, amene anawauza kuti akagwire zolimba, njingazi zimataya anthu. Kenako anamutengera Diana pambali, pafupi ndi tayala lakumbuyo.

"Mayi, anzanga aja akafunsa."

"Ee."

"Mukawauze kuti mwanditula kwathu."

Diana anawayang'ana. Anali atameta bwino, tayi ili pakhosi, maso ofiira ndi tulo tapabenchi. Kumene ankapitako anali asanapondeko chibadwire.

"Ndikawauza."

Anakwera kumbuyo kwa Morton, mwendo ukukana, mpaka Lyson anawathandiza. Sutikesi kumbuyo, makina pakati pa iwo ndi Morton. Njinga inalira, inaterereka pang'ono, inawongoka. Inatsika kulowera kumabulugamu. A Namacha sanacheuke. Manja onse awiri anali atagwira makina.

Chester anaphimbanso katundu, namanga zingwe mothamanga. Diana anathokoza Sabina. Sabina anati palibe kanthu, koma tsiku lina akadzabweranso ndi lole adzayambe waimba foni. Anatenga dengu lake, natsatira anzake.

M'lole munali malo ambiri tsopano. Chester analiza injini, nabwerera chambuyo pakati pa mizere ya nyumba. Atalowa mumsewu wofiira uja anafunsa kuti, nanga anzawo a madala aja akaona lole ikulowa ndi sofa yemweyo amene anamukweza dzulo?

"Tikalowera geti lakumbuyo."

"Nanga matenti?"

"Tikatsitsa kaye."

"Awiriwiri? Firiji ija?"

Diana anavula nsapato zamatope, naziika pansi pa mpando. Kutsogolo othyola tiyi anadzaza msewu, madengu akugwedera kumsana, osafulumira. Chester anachepetsa liwiro, nawatsatira pambuyo. Kumbuyo chitseko cha kabati chinali chitamasuka. Lole ikagwa m'dzenje chinkamenya. Chester anafunsa ngati aime akachimange.

"Pa Chitakale," anatero Diana, natsamira mutu pagalasi.